Porsche ikamafuka utsi ndi kudya oyilo, yambirani apa

Loweruka lina m'mawa, tisanamalize n'komwe kutsegula zitseko za galaji, kunafika lole itabereka 911 yakuda. Mwini wake anali bambo wachikulire wa kwathu amene ali ndi mabizinesi ake kuno ku Johannesburg. Anatsika m'galimoto ina nkhope ili yakugwa, ndipo atandimva ndikulankhula Chichewa ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, anabwera molunjika kwa ine.

"Achimwene, mundiuze zoona. Akuti injini yatha."

"Wanena ndani, bambo?"

"Kumene ndinaipititsa koyamba. Angoona utsi basi, n'kunditchulira mtengo wa injini ina."

Inali Carrera S ya 2006. Vuto lake linali lija limene ndimakumana nalo mwezi ndi mwezi pa magalimoto amenewa: utsi kumbuyo, oyilo kumangotsika, mwini wake kumangothira wina, utsi n'kumawonjezeka. Nthawi zina n'zoona kuti injini imakhala itavulala m'kati. Koma nthawi zambiri chimene chavuta chimakhala chaching'ono, ndipo munthu amataya ndalama zankhaninkhani chifukwa wina anaganizira m'malo moyeza. Ine utsi wokha sundikwanira kuti ndiweruze injini. Ndimayamba ndi zimene sizidya ndalama, n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo sindidumpha sitepe ngakhale mwini galimoto akhale pa changu chotani.

Zimene ndikulemba pano ndi za injini zimene Porsche inazitcha M96 ndi M97. Zimapezeka mu Boxster kuyambira 1996, mu 911 ya mtundu wa 996 imene inatuluka mu 1997 ndipo inali 911 yoyamba kuziziritsidwa ndi madzi, mu 997 yoyambirira ndi mu Cayman yoyambirira, mpaka 2008. Turbo, GT2 ndi GT3 zichotseni pa nkhaniyi, injini yake ndi ina.

Utsi wake ndi wotani, ndipo umabwera liti

Injini imeneyi ili ndi masilinda 6 ogona cham'mbali, atatu uku atatu uku. Mu injini ya Corolla kapena ya minibasi masilinda amakhala chilili, ndiye mukazimitsa, oyilo yense amatsetserekera pansi mu sampu. Apa ayi. Oyilo wotsalira m'makoma a silinda amagona pomwepo, ndipo pang'ono amatha kudutsa maring'i n'kukadikira kutsogolo kwa pisitoni. Mukadzailiza mawa lake, kamtambo kabuluu kamatuluka, pakangotha masekondi ochepa n'kuzimiririka. Zimachitika kwambiri galimoto ikagona pamalo opendekeka, kapena ngati dzulo munangoiliza kuti muisunthe pang'ono n'kuizimitsanso isanatenthe. Zikamachitika mwa apo ndi apo, musataye nazo tulo.

Kukazizira, mu June ndi July muja udzu umadzuka utayera ndi chisanu, ku ekizozi kumatuluka nthunzi yoyera. Ilibe fungo, imabalalika msanga, ndipo imasiya injini ikatentha. Imeneyonso si matenda.

Wodetsa nkhawa ndi utsi umene sukusiya injini itatentha kale, kapena umene ukubwera tsiku lililonse osaphonya. Pamenepo gwiritsani ntchito mphuno. Wa oyilo umanunkha mopsereza ndipo umakhalitsa m'mwamba osabalalika. Wa madzi oziziritsa injini ndi woyera, uli ndi kafungo kotsekemera, ndipo mukayang'ana m'thanki yake mupeza madzi atatsika. Wakuda ndi wa petulo wochuluka, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi sensa yoyeza mpweya wolowa, makamaka pamene wina anaikamo fyuluta ya mpweya ija yopaka mafuta, kapena injekita imene yayamba kudontha.

Ndinawafunsa bambo aja kuti utsi unayamba liti. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti unalipo wochepa kuyambira kale, koma unakula sabata imene anathira oyilo pamalo omwetsera mafuta. Anathira wochuluka bwanji? Botolo lonse la lita imodzi, kenako lina, chifukwa pa dashibodi pankaonekabe ngati sanakwane.

Oyilo wopitirira muyeso

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndipo amagwa chifukwa chofunira galimoto zabwino. Injini imeneyi imalowa oyilo pafupifupi malita 8, koma kuchokera pa mzere wa pansi kufika pa mzere wa pamwamba pamangolowa lita imodzi ndi pang'ono. Boxster ndi 996 zakale zili ndi kachitsulo koyezera oyilo kuwonjezera pa geji ya pa dashibodi. Pa 997, pa Boxster ya mtundu wa 987 ndi pa Cayman kachitsuloko kulibe, geji yokha basi. Gejiyo imanena zoona pokhapokha galimoto itaima pamalo athyathyathya, injini itazimitsidwa, ndipo mwadikira nthawi yonse imene ikuwerenga pa sikirini. Mukangofika kumene pa ulendo, oyilo wambiri amakhala akadali m'mahedi, sanabwerere pansi. Mukathira nthawi imeneyo, ndiye kuti mwathira pamwamba pa oyilo amene alimo kale.

Oyilo akachuluka, kirankishafuti imamumenya mpaka kuchita thovu, ndipo nkhungu yake imakokedwa kulowa m'njira ya mpweya n'kukapsa pamodzi ndi petulo. M'galimoto ya bambo aja tinakhetsa oyilo wopitirira lita imodzi geji isanatsike n'komwe pa mzere wa pamwamba. Ine ndimasiya oyilo kagawo kamodzi pansi pa mzere umenewo. Ndipo pothira, thirani theka la kapu ya tiyi kapena kapu imodzi, dikirani, yezaninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinanso: kunena kuti galimoto ikudya oyilo popanda manambala sikuthandiza makaniko. Buku la galimotozi limalola mpaka malita 1.5 pa makilomita 1,000, muyeso umene kwa ine ndi waukulu zedi, chifukwa injini yathanzi imadya wochepa kwambiri kuposa pamenepo. Chofunika kudziwa ndi ngati kadyedweko kakusintha. Sungani kabuku m'galimoto, muzilemba makilomita ndi oyilo amene mwathira. Injini imene yakhala ikudya theka la lita pa makilomita 3,000 kwa zaka zambiri ilibe mlandu. Imene chaka chatha inkadya choncho koma lero ikumaliza lita pa makilomita 800 ikukuuzani kanthu.

AOS, kachipangizo kamene kamaopseza anthu kwambiri

M'mimba mwa injini mumakhala mpweya wosakanikirana ndi nkhungu ya oyilo. Mpweya umenewo sautayira kunja, amaubwezera mu injini kuti ukapse. Koma usanalowe umadutsa mu kabokosi ka pulasitiki kotchedwa air-oil separator, mwachidule AOS, kamene kamalekanitsa oyilo n'kumubwezera pansi. M'kati mwake muli kachikopa ka labala kamene kamachepetsa mphamvu imene injini imakokera mpweyawo. Ndi zaka komanso kutentha, kachikopako kamauma n'kung'ambika. Kakang'ambika, injini imakoka ndi mphamvu yake yonse, ndipo oyilo amayamwidwa ngati mmene mwana amakokera chakumwa ndi kapaipi.

Utsi wa AOS yofa ndi woopsa kuuona. Umatseka msewu wonse, wa kumbuyo kwanu amayatsa magetsi masana. N'chifukwa chake anthu amathamangira kunena kuti injini yanoka, pamene chafa ndi kabokosi kongokwana m'manja.

Kuyesa koyamba n'kosavuta. Injini itatentha, ikulira galimoto itaima, tsegulani chotsekera cha pothirira oyilo. Ikakhala bwino, mumva kukoka pang'ono, chotsekeracho chichoka mosavuta, ndipo kaliridwe ka injini kasintha pang'ono chifukwa mwailowetsera mpweya wosawerengedwa. AOS ikafa, chotsekera chimakanirira ngati wina wachigwira m'kati, ndipo nthawi zina mumamva kulira kwa likhweru kuchokera ku injini, umene ndi mpweya ukudzipanikiza kudutsa m'masili. Koma dzanja limanama. Amakaniko awiri akhoza kugwira chotsekera chimodzi n'kunena zosiyana. Choyezera chake ndi manometer, ndipo ngati mulibe mungapange nokha: tengani chotsekera chakale, boolani pakati, lowetsani paipi yoonekera m'kati yaitali ndithu, ipindeni ngati chilembo cha U pa thabwa, thiranimo madzi. Injini yabwino imasiyanitsa madzi a mbali ziwirizo ndi masentimita 10 mpaka 15. Akapitirira 25, AOS yapita. Paipi ikhale yaitali, ndikubwereza, chifukwa AOS yofa ikhoza kumeza madzi anuwo n'kuwalowetsa mu injini. Madzi akapanda kusuntha n'komwe, ndiye kuti mpweya ukulowera pena pake, ndipo malo oyamba kuyang'ana ndi paipi ya pulasitiki yothirira oyilo, imene imakonda kusweka.

Pa galimoto ya bambo aja madzi anakwera mpaka masentimita 30. Mnyamata wanga anandiyang'ana n'kumwetulira, chifukwa anadziwa kuti nkhani yasanduka yabwino. Titamasula paipi yolowera mpweya tinapeza oyilo atachita chithaphwi m'manifodi. Kunyowa pang'ono mmenemo n'kwachibadwa, koma chithaphwi ayi.

Pano mvetserani bwino. Utsi ukabuka wochuluka chonchi muli pa msewu, imani pambali, zimitsani, itanani lole. Musayese kuti ndingofika kunyumba. Oyilo sapanikizika ngati mpweya. Akalowa wambiri mu silinda nthawi imodzi, pisitoni imamenya pa chinthu chosasuntha, konirodi n'kupindika, ndipo pamenepo ndiye injini yathadi. Bambo aja chimene anachita bwino kuposa zonse n'chakuti anaibweretsa itaberekedwa.

Mukasintha AOS, gulani yeniyeni. Zotchipa ndaziona zikufa miyezi ingapo, ndipo malo amene imakhala ndi opanikiza moti simungafune kubwererako kawiri. Pukutani oyilo yense m'manifodi. Ngakhale mutatero, galimoto ifukabe kwa kanthawi chifukwa cha wotsalira mu ekizozi, ndiye musafulumire kuganiza kuti ntchito yalephereka. Amene amapita nazo kothamangitsa ku Kyalami adziwenso kuti pokhota mwamphamvu oyilo amakhamukira mbali imodzi, ndipo ngakhale AOS yabwino imatha kulephera kwa kamphindi n'kutulutsa mtambo umodzi.

Oyilo wina sapsa, amangodontha. Yang'anani pansi pamene galimoto imagona. Dontho la pakati, pamene injini imakumana ndi giyabokosi, limachokera ku sili ya kumbuyo kwa kirankishafuti imene timaitcha RMS, kapena ku chivundikiro cha shafuti ya pakati yotchedwa IMS, chimene chili pansi pake pomwepo. Kungonyowa kukhoza kudikira mpaka tsiku losintha kilatchi, popeza giyabokosi imatsika ndithu tsiku limenelo. Pa injini zakale, timachubu tolowera mapulagi timadonthanso, oyilo n'kugwera pa ekizozi yotentha, ndiye mumamva fungo mukaima pa maloboti.

Pamene nkhani imakhala yaikuludi

Tsopano ndinene za chimene aliyense amaopa. Makoma a masilinda a injini zimenezi si achitsulo ngati amene tinazolowera. Ndi aluminiyamu wosakaniza ndi silicon, amene amamutcha Lokasil, ndipo pisitoni ili ndi chokutira chopyapyala choiteteza kuti isakhudzane ndi khomalo mwachindunji. Chokutiracho chikayamba kusupuka, pisitoni imakanda khoma n'kusiya mizere yoyenda m'litali mwa silinda. Oyilo amadutsa m'mizere imeneyo. Vutoli limadziwika kwambiri pa injini za malita 3.8 za Carrera S ndi za 3.4 za Cayman S, ndipo limakonda mbali ya masilinda 4, 5 ndi 6.

Zizindikiro zake zimabwera pamodzi. Paipi imodzi ya ekizozi imada ndi mwaye wonata pamene inzake ili yoyera: pisani chala m'zonse ziwiri galimoto itazizira, muyerekeze. Kumamveka kugogoda kwakung'ono, tiki tiki tiki, kumene ambiri amakuyesa kwa matapeti, koma sikusiya injini ikatentha. Oyilo amatsika mofulumira mwezi ndi mwezi. Mukamasula mapulagi, imodzi imatuluka yakuda ndi yonyowa pamene zinzake zili zouma.

Ngakhale zonsezi zitapezeka, ine sindinena kuti injini yatha ndisanaone ndi maso. Pali kakamera kolowetsa m'kati kotchedwa borescope. Kulowetsa pa bowo la pulagi kumathandiza, koma pisitoni iyenera kukhala itabwerera mpaka kumapeto, ndipo ngakhale apo simuona zonse, chifukwa kukandikako kumayambira kumunsi kwa silinda, kumene pisitoni imaphimba. Njira yotsimikizika ndi kuchotsa chivundikiro cha sampu n'kuyang'anira kumbuyo kwa pisitoni. Amene akukuuzani kuti injini yakandika, mupempheni zithunzi za silinda iliyonse. Amene akukugulitsani galimoto yotere, kaya ndi ya kuno, kaya yochokera ku Britain kapena ku Japan, mupempheni zomwezo musanapereke ndalama.

Zikapezeka kuti yakandikadi, palibe mankhwala a m'botolo. Injini imatsika, imaphwasulidwa, masilinda amaikidwa atsopano. Pa Boxster kapena Cayman yakale mtengo wa ntchitoyi ukhoza kulingana ndi wa galimoto yeniyeniyo. Ndipo chonde, nzeru ija ya pa siteji ya minibasi yothira oyilo wokhuthala wa 20W-50 kapena mankhwala onata oletsa utsi isafike pa injini imeneyi. Matapeti ake ndi makina osintha nthawi ya mavavu otchedwa VarioCam amayendera oyilo wodutsa m'timabowo tating'ono kwambiri. Utsi uchepa sabata imodzi, kenako muyamba kulira ndi zina.

Imodzi imene inandipweteka mtima inali Cayman S yoyenda makilomita ochepa kwambiri, mipando ikadali kununkha chikopa. Anaibweretsa ndi mnyamata wa kwathu amene amasamala pakhomo pa mwini wake. Bwanayo ankakhala miyezi kunja, ndipo anasiya lamulo lakuti galimoto izilizidwa m'mawa uliwonse kwa mphindi 15 kuti batire lisathe. Mnyamatayo sanaphonye tsiku ndi limodzi lomwe, kwa zaka ziwiri. Titamuonetsa mizere pa sikirini anagwira pakamwa.

"Achimwene, ndiye kuti ndapha ndine?"

"Iyayi mphwanga, iwe unachita zimene unauzidwa. Bwana wakoyo ndilankhula naye ndekha."

Sindinganene kuti kulizako kokha ndiko kunakanda silinda, chifukwa zoyambitsa zimakhala zingapo, koma kunathandizira kwambiri. Injini yozizira imapatsidwa petulo wochuluka. Petulo amene sanapse amatsuka oyilo m'makoma a silinda n'kutsikira mu sampu, kumene amasungunula oyilo yense. Ikamalira itaima imachedwa kutentha, ndiye nthawi yoopsayo imatalika. Madzi a nthunzi nawo amaunjikana m'kati osauma, ndipo ndi amene amapanga phala lachikasu lija mumalipeza kunsi kwa chotsekera oyilo. Ndikudziwa kuti abale athu ambiri kuno ku Gauteng ndi ku Cape Town amagwira ntchito m'makomo momwe muli magalimoto otere, ndipo amapatsidwa lamulo lomweli. Auzeni mabwana anu mwaulemu kuti pali kachaja kakang'ono kosiya kolumikiza ku magetsi, kamene kamasunga batire miyezi yambiri popanda kuliza injini. Galimoto ikhale chete mpaka tsiku limene wina adzaiyendetse ulendo weniweni wa mphindi 30 kapena kuposa. Batire likafa ndithu pa magalimoto amene boneti yake imatseguka ndi magetsi, musalimbane nayo ndi sikuludiraiva: m'bokosi la mafyuzi la kumapazi muli kachitsulo kofiira kokoka, kolumikizapo batire lina kuti boneti itseguke.

Kayendetsedwe koyenera ndi aka: lizani, mangani lamba, nyamukani. Yendani mofatsa osapitirira 3,000 rpm mpaka oyilo atatentha. Oyilo amachedwa kuposa madzi, ndiye muvi wa madzi ukafika pakati musayese kuti zatheka. Pa 997 pali geji ya kutentha kwa oyilo, dikirani ifike pa madigiri cha m'ma 90. Ikafika apo ipondeni ndithu, inapangidwira zimenezo. Petulo amene anailembera ndi wa 98, koma pa mapampu a mu South Africa wapamwamba ndi 95. Imayenda naye bwino, koma 93 musamuyandikize.

Kutentha kumene simukuona

Injini ili kumbuyo kapena pakati, koma maradiyeta ali kutsogolo, m'makona awiri a bampa, kuseri kwa makondensa a eyakoni. Pakamwa pa bampa pali pafupi ndi pansi ndipo palibe sefa, ndiye pamameza chilichonse: masamba, timiyala, mapepala a maswiti, zotsalira za ndudu. Mu October ndi November, majakaranda a ku Pretoria ndi kuno akamayoyola maluwa, zimachita kunyanya. Zonsezi zimakaunjikana pakona, pakati pa kondensa ndi radiyeta, pamalo pamene dzanja silifika ndipo diso siliona. Mvula ikagwa zimanyowa, zimaola, n'kuyamba kudya aluminiyamu.

Pa galimoto ya bambo aja tinachotsa bampa, n'kupatula kondensa pang'ono. Zimene zinagwa pansi zinadzaza fosholo: zakuda, zonyowa, zonunkha ngati manyowa a kudimba. Ngodya ya pansi ya radiyeta ya kumanja inali itayamba kale kuyera ndi madzi ouma. Ndinawaitana kuti adzaone okha. Anaima kwa kanthawi osalankhula, kenako anati, "Zaka zonsezi ndimaitsukitsa sabata iliyonse." Kutsuka kwa kunja sikufika mmenemo. Bampa iyenera kuchoka kamodzi pa chaka, mvula isanayambe kapena maluwa atangotha kugwa.

Izi zikukhudzana ndi utsi chifukwa injini yotentha mopitirira imapyapyalitsa oyilo, imaumitsa labala wa mu AOS ndi masili, ndipo imafinya pisitoni m'silinda. Muvi wa pa dashibodi umayeza malo amodzi okha, sungakuuzeni kuti silinda ya kumapeto ikupsa. N'chifukwa chake amakaniko ambiri a magalimotowa amachotsa thermostat (kachipangizo kotsegulira madzi njira yopita ku maradiyeta) yotseguka pa madigiri 83 n'kuika yotseguka pa 71. Pampu ya madzi nayo ili ndi mapiko a pulasitiki amene amafooka ndi zaka. Phiko likathyoka, chidutswa chake chimakatsekereza kanjira ka madzi mu hedi, malo amenewo n'kutentha mpaka hedi kung'aluka. Ine ndimasintha pampu pakatha zaka 4 kapena 5 ngakhale isanayambe kulira kapena kudontha. Mukapeza oyilo m'thanki ya madzi, atasanduka ngati phala la chokoleti, yambani mwayeza kabokosi koziziritsa oyilo kamene kali pamwamba pa injini musanaweruze hedi. Thankiyo payokha imasweka ikakalamba, ndipo chotsekera chake chimatha mphamvu. Pothira madzi atsopano dziwani kuti 911 imalowa malita opitirira 20 m'mapaipi oyenda galimoto yonse, ndiye mpweya umabisala mosavuta: gwiritsani ntchito chida chokoka mpweya pothira, osati kungothira ndi chigubu.

Tsiku la sevisi, musataye fyuluta

Buku limalola makilomita 20,000 kapena kuposa musanasinthe oyilo. Ine sindifikitsa pamenepo. Makilomita 8,000 mpaka 10,000, kapena chaka chimodzi ngakhale galimoto itayenda pang'ono chotani, chifukwa yongokhala ndi imene oyilo wake amadzaza petulo ndi madzi. Oyilo akhale wolembedwa Porsche A40 pa botolo, 0W-40 kapena 5W-40.

Fyuluta ya oyilo ndi ya pepala, yokhala m'kachitini kotsegula. Mukaichotsa, dulani mitu yake iwiri ndi mpeni, tambasulani pepalalo padzuwa ngati nsalu, muyang'ane m'mapindo monse. Timadontho takuda kapena tofiirira ta pulasitiki timachokera ku zotsetsereka za tcheni, zikutha pang'onopang'ono. Tonyezimira tosagwidwa ndi maginito ndi aluminiyamu. Tonyezimira togwidwa ndi maginito ndi chitsulo, ndipo pamenepo galimoto isalizidwenso mpaka beling'i ya IMS itaonedwa.

IMS ndi shafuti ya pakati imene imatenga mphamvu ku kirankishafuti n'kupereka ku matcheni a makamushafuti. Kumapeto kwake kuli beling'i yotsekedwa ndi girizi wake. Ikaphwasuka, nthawi ya mavavu imasokonekera ndipo mavavu amagundana ndi mapisitoni. Nkhani yake inafika mpaka kukhoti ku America, kumene mu 2013 kunachitika mgwirizano wokhudza magalimoto a zaka za 2001 mpaka 2005, amene ali ndi beling'i yaing'ono ya mzere umodzi. Imeneyo imatheka kusintha giyabokosi ikatsika, ndiye chitani pamodzi ndi kilatchi ndi RMS. Za kuyambira cha mu 2006 zili ndi yaikulu imene siituluka popanda kugawa injini pakati, koma siivutavuta. Injini zatsopano zimene zinabwera kumapeto kwa 2008 zilibe shafuti imeneyi n'komwe. Ikani bawuti ya sampu yokhala ndi maginito, ndi yotchipa ndipo imakuonetsani zambiri pa sevisi iliyonse. Mafuta a mabuleki asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ndipo tsiku losintha mapulagi yang'anani makoyilo ngati ang'aluka, chifukwa amakhala pafupi ndi ekizozi ndi madzi a mumsewu.

Fyuluta ya bambo aja inatuluka yoyera. Popeza inali 3.8, sindinafune kuwabweza ndi mawu okha, ndiye tinachotsa chivundikiro cha sampu n'kulowetsa kamera. Masilinda onse 6 anali osalala. Tinasintha AOS, radiyeta ya kumanja, pampu ya madzi, thermostat ndi oyilo, n'kuyenda nayo mu msewu wa N1 mpaka utsi wotsalira utatha. Powapatsa makiyi ndinawapatsanso kabuku kakang'ono ndi cholembera, nditalemba kale makilomita a tsikulo pa tsamba loyamba.

Anabweranso patatha miyezi inayi, Loweruka m'mawanso, akuyendetsa okha. Anali atapita nayo ku Durban ndi kubwerako. Ananditambasulira kabuku kaja: makilomita 2,600, oyilo wothira kapu imodzi. Ndinagwada kumbuyo n'kupisa chala m'mapaipi onse awiri a ekizozi, ndipo chinatuluka chouma mbali zonse.